Mutu Waching'alang'ala: Mmene Nkhawa ndi Kusala Kudya Zimauputira

Mwezi wa Okutobala ukafika, zinthu zitatu zimakumana pakhomo la mlimi wa kuno kum'mawa. Maenje a chimanga ayenera kutha kukumbidwa mvula isanagwe, pamene nthaka ili gwa ngati mwala. Mbewu ndi feteleza ziyenera kupezeka, pamene ndalama za zokolola zapita kale. Ndipo pa 18 Okutobala, tsiku limene boma linapatula kuyambira mu 2015 kuti dziko lonse lipemphere ndi kusala kudya, ambiri a ife timaswera osalawa kanthu, dzuwa lili pa ukali wake wonse. Kwa anthu ena zimenezi zimangotopetsa thupi, mawa lake n'kudzuka bwinobwino. Koma kwa ena zimathera m'nyumba ya mdima, nsalu itamangidwa kumutu, khasu lili gone kumunda masiku awiri kapena atatu.

M'nkhani ino tifuna kufotokoza chifukwa chake njala ndi nkhawa zimadzutsa mutu waching'alang'ala, ndiponso zimene mlimi wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi angachite kuti asataye masiku amene munda sungam'bwezere. Alangizi a ulimi amawerengera kuti tsiku lililonse limene mlimi wachedwa kubzala chimanga mvula yobzalira itagwa, zokolola zimatsika ndi gawo 1 kapena 2 pa magawo 100. Choncho mutu wa masiku atatu m'sabata yobzala umaonekera m'nkhokwe.

Si mutu uliwonse

Mutu waching'alang'ala, umene achipatala amautcha migraine, uli ndi khalidwe lakelake. Kawirikawiri umagwira mbali imodzi, ndipo umagunda ngati wina akusinja mkati. Ukapanda kuthandizidwa umatenga maola 4 mpaka 72. Umabwera ndi mseru kapena kusanza. Kuwala kwa dzuwa kumalasa m'maso, ndipo phokoso la chigayo kapena la ana limakhala losapiririka. Chizindikiro chimene mlimi amachiona msanga n'chakuti akawerama kapena kukweza khasu ululu umakula, mwakuti thupi lokha limam'kakamiza kukagona.

Mwa odwala atatu, pafupifupi mmodzi amayamba waona tinyenyezi kapena mizere yokhotakhota yophethira, mwinanso mbali ina ya chinthu chimene akuyang'ana imazimiririka. Ena milomo kapena dzanja limachita dzanzi. Zimenezi zimatha pasanapite ola limodzi, mutu n'kutsatira pambuyo. Zizindikiro zotere zachititsa mabanja ena kuganiza kuti mbale wawo walodzedwa, n'kutaya nkhuku ndi mbuzi pofunafuna amene wachita chipongwecho. Zoona zake n'zakuti awa ndi matenda a ubongo, odziwika padziko lonse, ndipo nthawi zambiri munthu amatengera kumtundu. Akazi amavutika nawo kuposa amuna, makamaka m'masiku oyandikira kusamba kwa mwezi.

Vutoli si la anthu ochepa. Edward Mbewe ndi anzake anayenda khomo ndi khomo m'chigawo cha Lusaka ndi cha Kummwera, nafunsa anthu akuluakulu 1,085. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2015, zinaonetsa kuti anthu pafupifupi 23 pa 100 alionse anadwala mutu waching'alang'ala m'chaka chimodzi. Tikatengera chiwerengero chimenechi, gulu la alimi 40 lingakhale ndi anthu 9 otere.

Ngolo imene yalemedwa

Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala sukonda kusintha kwadzidzidzi. Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono kotchedwa hypothalamus, kamene kamayang'anira njala, ludzu, tulo, kutentha kwa thupi ndi mmene thupi limayankhira pa zoopsa. Zinthu zimenezi zikasokonekera, kachigawoka kamatekeseka, ndipo mwa munthu wa ching'alang'ala kutekesekako kumafika ku mtsempha waukulu wotchedwa trigeminal, umene umanyamula uthenga wa ululu kuchokera kumaso ndi ku nembanemba yokuta ubongo. Mtsemphawu ukadzuka umatulutsa timadzi timene timatupitsa mitsempha ya magazi ya pa nembanembayo, ndipo kugunda kuja kumayamba.

Kawirikawiri chinthu chimodzi pachokha sichikwanira kuyambitsa zonsezi. Tiyerekeze ndi ngolo. Thumba limodzi la chimanga silithyola ngolo, ngakhale awiri kapena atatu. Koma tikapitiriza kusanjikiza, pamafika thumba limene ngolo siingathenso kulipirira, ndipo wosadziwa amaloza chala thumba lomalizalo. Kusagona mokwanira ndi thumba. Kuswera ndi njala ndi thumba lina. Ludzu, dzuwa la Okutobala ndi ngongole imene ikuvuta mumtima, lililonse ndi thumba. N'chifukwa chake munthu mmodzimodziyo angasale kudya mu Juni osamva kanthu, koma n'kugwa nawo mutu atasala mu Okutobala.

Matumba olemera kwambiri amadziwika. Mu 2007 dokotala Leslie Kelman wa ku Atlanta, ku America, anafalitsa zimene odwala ake 1,207 ananena zokhudza zinthu zimene zimawaputira mutu. Nkhawa inali patsogolo, yotchulidwa ndi odwala pafupifupi 80 pa 100. Kusadya kunatchulidwa ndi 57 pa 100, kusintha kwa nyengo ndi 53, ndipo kusokonekera kwa tulo ndi 50.

Kusala kumene sitikutcha kusala

Tikamva za kusala kudya timaganiza za tsiku la mapemphero. Koma kusala kochuluka pakati pathu kumachitika popanda wina kukulengeza. Tiwerenge maola a tsiku wamba la m'nyengo yokumba maenje. Banja ladya nsima nthawi ya 19 koloko madzulo. Kusanache, cha m'ma 5 koloko, bambo ndi mayi anyamula makasu kuti agwire ntchito kukadali kozizira, osalawa kanthu. Akuweruka cha m'ma 11, ndipo pamene mayi watunga madzi, wasonkha moto ndi kuphika, nsima ikufika pamphasa nthawi ya 13 koloko. Amenewo ndi maola 18 opanda chakudya, ndipo asanu kapena asanu ndi limodzi mwa iwo ndi a ntchito yakalavulagaga. Madokotala oona za mutu, m'ndandanda wawo wa padziko lonse wa mu 2018, amawerenga kuti mutu wa njala ungayambe munthu akangotha maola 8 osadya.

Chimachitika n'chiyani m'thupi? Ubongo ndi gawo 2 chabe pa magawo 100 a kulemera kwa munthu, koma umadya pafupifupi magawo 20 a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito likamapuma. Ulibe nkhokwe yakeyake yodalirika. Umadalira shuga amene magazi amabweretsa mphindi iliyonse. Chiwindi ndicho nkhokwe, koma ndi yaing'ono, ndipo ntchito yolemetsa imaipungula msanga. Nkhokweyo ikayamba kuchepa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol ndi adrenaline kuti tikasake shuga kwina. Timadzi timeneti ndi tomwe timatuluka munthu akachita mantha kapena nkhawa. Apa m'pamene njala ndi nkhawa zimakumanirana: kwa ubongo, zonse ziwiri ndi mfuu imodzi ya ngozi. Munthu wanjala amene alinso ndi nkhawa wakweza matumba awiri mbali imodzi ya ngolo.

Ludzu limawonjezera. Thukuta la m'mamawa umodzi wa Okutobala limachotsa madzi ochuluka m'thupi, ndipo ambiri timapita kumunda ndi kachigubu kamodzi ka banja lonse. Palinso nkhani ya tiyi, khofi ndi zakumwa zina zokhala ndi kafeini. Munthu amene anazolowera kumwa zimenezi tsiku ndi tsiku, akasiya mwadzidzidzi, mutu umayamba pakapita maola 12 mpaka 24, ndipo ungapitirire masiku angapo. Ofuna kusiya zakumwa zimenezi, chimene ife timalimbikitsa, achepetse pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Asasankhe tsiku losala kudya kukhala tsiku losiyirapo.

Kusala kwa pemphero

Nkhani ya mutu pa tsiku losala inafufuzidwa bwino pakati pa Ayuda, amene pa tsiku la Yom Kippur amakhala pafupifupi maola 25 osadya ndi osamwa. Mu 1995 madokotala Mosek ndi Korczyn a ku Israel anapeza kuti mwa osala kudya, 39 pa 100 anadwala mutu, pamene mwa osasala anali 7 okha. Chofunika kwambiri kwa ife ndi ichi: mwa amene anali kale ndi vuto la mutu, 66 pa 100 anadwala, pamene mwa enawo anali 29. Anzathu achisilamu amadziwanso mutu umene umagwira anthu ambiri pa masiku oyamba a Ramadan. Choncho zimenezi sizisankha chipembedzo.

Tikunena zimenezi poyera chifukwa abale ndi alongo ena amavutika mumtima mutu ukawagwira pa tsiku losala. Amayesa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa, kapena kuti akuyesedwa ndipo ayenera kupirira mpaka dzuwa litalowa. Mutu wotero suyeza chikhulupiriro cha munthu. Umangoonetsa mtundu wa ubongo umene anabadwa nawo. Ndipo munthu amene akusanza m'chipinda cha mdima sangathe kupemphera ndi maganizo okhazikika, chimene ndicho cholinga cha tsikulo.

Kusala kuli ndi njira zingapo. Mneneri Danieli anakhala masabata atatu osadya zakudya zokoma, nyama ndi vinyo, koma sanaleke kudya kotheratu. Munthu wa ching'alang'ala angasale mwa kudya chakudya chosavuta ndi chochepa pa nthawi zake za masiku onse, monga phala lopanda shuga, zipatso kapena mbatata, n'kumamwa madzi tsiku lonse. Amene akufuna kusala kotheratu afupikitse maola, agone mokwanira usiku wake, adye bwino madzulo a dzulo lake, ndipo tsiku limenelo asagwire khasu kapena kuyenda ulendo wautali padzuwa. Pomasula ayambe ndi madzi ndi chakudya chopepuka, nsima ibwere pambuyo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala shuga, ndi onse amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ayambe afunsa kuchipatala. Tikupempha akulu a mipingo kuti polengeza tsiku losala azitchulanso njira zimenezi, kuti wodwala asamadzione ngati wolakwa.

Nkhawa ikakwera, ndiponso ikatsika

Nkhawa ya mlimi ili ndi kalendala yake. Mu Okutobala ndi Novembala timayang'ana kumwamba ndi pafoni, kudikira mitambo ndi uthenga wa FISP. Mu Disembala ndi Januwale udzu umathamanga kuposa makasu, ana akufuna mayunifolomu ndi mabuku, ndipo chiyambire kumapeto kwa 2016 timayenderanso mbozi za ntchemberezandonda m'mitima ya chimanga. Febuluwale ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zimaonetsa pansi, anthu n'kumayenda ganyu m'minda ya eni, kudya kamodzi patsiku. Ndani waiwala chaka cha 2024, pamene mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse? M'nyengo zotere njala ndi nkhawa zimalowa m'nyumba limodzi.

Nkhawa imagwira ntchito m'njira ziwiri. Imasunga cortisol ndi adrenaline pamwamba kwa masiku ambiri, n'kuumitsa minofu ya khosi ndi mapewa. Komanso imaononga zina zonse: munthu wankhawa sagona bwino, sakhumba chakudya, ndipo amaiwala kumwa madzi.

Chodabwitsa n'chakuti mutu nthawi zambiri sudikira kuti nkhawa ifike pachimake. Umabwera nkhawayo ikangotsika. Mu 2014 Richard Lipton ndi anzake a ku New York anatsatira odwala 17 kwa miyezi itatu, aliyense akulemba tsiku ndi tsiku mmene akumvera. Anapeza kuti nkhawa ikatsika kuchokera madzulo ena kufika madzulo otsatira, mpata woti mutu uyambe unkakwera pafupifupi kasanu m'maola 6 oyamba. Ofufuzawo analingalira kuti cortisol, amene amaphimbako ululu nthawi ya nkhawa, akatsika mwadzidzidzi amasiya mitsempha pambalambanda.

Izi zikufotokoza zimene ambiri a ife taona. Wina amalimba sabata yonse yobzala, n'kugwa tsiku lotsatira atamaliza. Wina amayendetsa maliro a mbale wake masiku atatu, mutu n'kum'gwira alendo atabalalika. Ndipo pali mutu wa pa Sabata. Munthu wagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, Lachisanu wathamanga ndi zokonzekera, dzuwa litalowa mtima wakhala pansi. M'mawa wadzuka mochedwerako, wanyamuka osadya kuti asachedwe Sukulu ya Sabata, wayenda makilomita angapo padzuwa, ndipo chakudya akuchiona 13 koloko itapitirira. Kupuma sikulakwa. Chovuta ndi phompho limene lili pakati pa Lachisanu ndi Sabata. Mankhwala ake ndi kuyamba zokonzekera Lachinayi, kudzuka pa nthawi ya masiku onse, ndi kudya musananyamuke.

Zimene tingachite

Palibe mlimi wanzeru amene amamanga ng'ombe pagoli zisanadye ndi kumwa, kapena kuzilimitsa mpaka dzuwa lili paliwombo. Chisamaliro chomwecho chikuyenera mwini ng'ombe.

Choyamba, musapite kumunda m'mimba muli pululu. Sipafunika moto wa m'mamawa: mkute, mbatata kapena chinangwa chophika dzulo, nthochi, kapena mtedza wokazinga wodzaza dzanja n'zokwanira. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limakhalitsa m'mimba kuposa tiyi wa shuga ndi buledi. Nyamulani kanthu kena kodya cha m'ma 9 koloko, monga thobwa losasasa. M'miyezi ya njala, chakudya chochepa chimene chilipo ndi bwino kuchigawa pawiri kapena patatu kusiyana ndi kuchidya kamodzi madzulo.

Chachiwiri, munthu aliyense akhale ndi chigubu chake cha madzi, ndipo azimwa ludzu lisanam'pweteke. Mkodzo ndiwo mboni: ukakhala wochepa ndi wofiirira, madzi achepa m'thupi. Chipewa cha khonde lalikulu chimathandiza amene kuwala kumawalasa m'maso.

Chachitatu, tambasulani ntchito. Pa mipata ya masentimita 90 ndi 70, lima imodzi imalowa maenje pafupifupi 4,000. Amene ayamba atangokolola, mu Meyi kapena Juni, nthaka ikadali yofewa ndipo kunja kukuzizira, akamakumba maenje 100 patsiku amamaliza m'masiku 40 popanda kudzipha. Amene adikira Okutobala amakumba maenje omwewo panthaka youma, padzuwa loopsa, mtima uli m'mwamba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chachinayi, gonani ndi kudzuka pa nthawi yofanana masiku onse, kuphatikizapo tsiku lopuma.

Chachisanu, nkhawa isakhale ya munthu mmodzi. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi zokolola zikangolowa, agawe za chakudya, za mbewu, za sukulu ndi za ngongole. Ngongole yolembedwa papepala, yokhala ndi tsiku lobweza, silemera ngati yongozungulira m'mutu usiku. Magulu osunga ndalama ndi olimirana amapeputsa katundu. Mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu ndi chimodzi, phunzirani zizindikiro zotsogola. Maola angapo, mwina tsiku lathunthu mutu usanayambe, ambiri amayasamula pafupipafupi, khosi limauma, amapsa mtima msanga, kapena amalakalaka zotsekemera. Imeneyo ndi nthawi yoti mudye, mumwe madzi ndi kukhala pamthunzi.

Za mankhwala

Mapiritsi monga Panado kapena Brufen amagwira bwino akamwedwa mutu ukangoyamba, motsatira muyezo wolembedwa, munthu n'kugona pamalo amdima ndi achete. Brufen ndi asipirini asamwedwe m'mimba mopanda kanthu, ndipo si a anthu a zilonda za m'mimba kapena amayi oyembekezera. Asipirini asapatsidwe kwa ana osakwana zaka 16. Koma pali msampha. Munthu akamamwa mapiritsi a ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kapena masiku 10 ngati ndi aja osakaniza ndi kafeini amene amapezeka pa kantemba, kwa miyezi yoposa itatu, mapiritsiwo amayamba kubala mutu wa tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa mu 2015 uja anapeza anthu pafupifupi 7 pa 100 ali ndi zizindikiro za vuto limeneli. Amene mutu umawagwira kangapo pamwezi apite kuchipatala, chifukwa kuli mankhwala oteteza, monga amitriptyline ndi propranolol, amene dokotala yekha ndiye angasankhe. Mayi amene amaona tinyenyezi mutu usanayambe auze anamwino asanalandire mapiritsi olera, popeza mitundu ina siyenerana naye.

Pamene simuyenera kudikira

Matenda ena oopsa amavala nkhope ya ching'alang'ala. Thamangirani kuchipatala ngati mutu wabwera ndi kutentha thupi, chifukwa angakhale malungo. Ngati khosi lauma gwa ndipo munthu akusokonezeka. Ngati mutu waphulika mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo. Ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, pakamwa papotoka kapena mawu sakutuluka bwino. Ngati munthu wakomoka kapena anagundidwa m'mutu. Ngati mayi woyembekezera akumva mutu, akuona zachimbuuzi ndipo watupa. Ndiponso ngati mutu wayamba mutapopera mankhwala m'thonje kapena m'dimba, makamaka pamodzi ndi dovu, thukuta ndi kusanza. Pamenepa nyamulani botolo la mankhwalawo kuti achipatala alione. Mutu watsopano mwa munthu wopitirira zaka 50 uyeneranso kupimidwa. Yambani pa chipatala chaching'ono chapafupi; zipatala za St Francis ku Katete, Nyanje ku Sinda ndi Mwami pafupi ndi Chipata zilipo pa matenda aakulu.

Tsamba limodzi m'buku la munda

Aliyense amene anaphunzira pano amadziwa kusunga buku la munda: tsiku lobzala, mvula imene yagwa, feteleza amene wathiridwa. Tikupempha amene amavutika ndi mutu kuti apatule tsamba limodzi kumapeto kwa bukulo. Tsiku lililonse limene mutu wagwira, lembani nthawi imene wayamba, nthawi imene munadya komaliza, maola amene munagona, ntchito imene munagwira, chimene chinali pamtima dzulo lake, ndi mapiritsi amene mwamwa. Amayi awonjezere tsiku la kusamba. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, matumba amene amalemetsa ngolo yanu adzaonekera okha, ndipo tsamba limenelo lidzathandiza dokotala kuposa mawu akuti mutu umandivuta kawirikawiri. Mvula ndi mitengo ya pamsika sizili m'manja mwathu, koma nthawi ya chakudya, madzi, tulo ndi kagawidwe ka ntchito zili m'manja mwathu. Inu amene munatsiriza maphunziro, kambiranani zimenezi m'magulu anu nyengo yobzala isanafike.